Mindandanda ya pa fomu ya database: chimene imaonetsa, chimene imasunga, ndi pamene imakupusitsani

Mndandanda wa pa fomu ya database umagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Umaonetsa munthu zinthu zoti asankhepo, monga mayina a makasitomala, katundu kapena maoda, kenako umapereka ku tebulo kanthu kamodzi koimira chimene wasankhacho, kawirikawiri nambala imene iye saiona n'komwe. Zida zimenezi zikamakongola, zokhala ndi tizithunzi, mitundu ndi timabokosi tochonga, ntchito ziwirizi zimatalikirana, ndipo zimene database inkakuchitirani yokha zimagwera m'manja mwanu. Ndiye musanasankhe chida, dziwani bwino kuti ndi ntchito ziti zimene mukudzisenzetsa.

Zitsanzo zambiri pano zikuchokera ku Microsoft Access, pulogalamu imene inatuluka mu 1992 ndipo mpaka pano ikugwirabe ntchito m'maofesi ambiri. Mfundo zake n'zofanana ndi za mapulogalamu ena a mtundu umenewu, ngakhale mayina a zinthu amasiyana.

List Box ndi Combo Box

List Box imaonetsa mizere ingapo nthawi imodzi, pomwe Combo Box ndi kabokosi kokhala ndi kamuvi kotsitsira mndandanda. Zida ziwirizi n'za Access yeniyeniyo, sizifuna fayilo ina yapadera. Mizere yake imachokera ku Row Source, imene ingakhale tebulo, query (funso lotola deta m'matebulo) kapena mawu olembedwa pamanja. Tiyerekeze kuti pa fomu ya maoda mukufuna munthu asankhe kasitomala, ndipo mu Row Source mwalemba motere:

SELECT KasitomalaID, Dzina, Mzinda FROM tblMakasitomala ORDER BY Dzina;

Column Count muike 3, Column Widths mulembe 0cm;5cm;3cm, Bound Column muike 1, ndipo Control Source iloze ku KasitomalaID ya m'tebulo la maoda. Kolamu yoyamba yabisika chifukwa m'lifupi mwake ndi 0, koma ndi imene ikusungidwa. Munthu akuona dzina ndi mzinda, tebulo likulandira nambala. Makasitomala awiri akakhala ndi dzina lofanana sipakhala chisokonezo, ndipo dzina likadzasintha maoda akale sasowa mwini wake.

Msampha woyamba uli pa kawerengedwe. Bound Column imayamba kuwerenga pa 1, pomwe Column ya mu VBA, chilankhulo cholembera code mu Access, imayambira pa 0. Choncho kolamu imene Bound Column ikuitcha 1 ndi yomweyo imene code ikuitcha Column(0), ndipo mzinda uli pa Column(2). Wina akaganiza kuti zonse zimayambira pa 0 n'kuika 0 mu Bound Column, Access sidandaula, koma imayamba kusunga malo a mzerewo pa mndandanda m'malo mwa kiyi wa kasitomala, nambala ija ya KasitomalaID. Lero kasitomala ali pa mzere wa 7. Mawa kukalowa dzina latsopano loyamba ndi A, akhala pa mzere wa 8, ndipo oda yake iloza kwa munthu wina. Vuto lotere silionetsa uthenga uliwonse pa sikirini, limangowononga deta mwakachetechete.

Column Count nayo ili ndi kachinsinsi kake. Query ikabweretsa makolamu atatu inu mutasiya Column Count pa 2, Column(2) imabweza Null, kutanthauza kuti palibe kanthu, ngakhale mzindawo ulimo mu query. Mukayatsa Column Heads, mitu ya makolamu imatenga mzere wa 0 ndipo ListCount imaiwerengera limodzi, motero code yoyenda mzere ndi mzere iyambire pa 1. Mukamasintha m'lifupi mwa makolamu kudzera mu VBA ndi manambala okhaokha, muyezo wake ndi ma twip: 1440 pa inchi imodzi, pafupifupi 567 pa sentimita imodzi.

Chinanso, zimene Column imabweza muzizitenga ngati mawu, osati manambala kapena madeti. Mukayerekeza "10" ndi "9" ngati mawu, 10 amaoneka wochepa chifukwa kompyuta ikuyang'ana chilembo choyamba. Sinthani kaye ndi CLng kapena CDate. Mawu aatali a mu Long Text nawo amadulidwa pa zilembo 255 akadutsa mu kolamu ya mndandanda, ndiye ngati mukufuna ndemanga yonse, kaiwerengeni ku tebulo pogwiritsa ntchito kiyi.

Pa Combo Box pali lamulo lina lowonjezera. Ngati kolamu yosungidwa si yoyamba kuoneka, Limit To List imakhala Yes ndipo Access sikulolani kuisintha. N'zomveka: munthu akalemba dzina limene palibe, palibenso nambala yoti isungidwe. Njira yake ndi event ya NotInList, malo a code amene Access imayendetsa zimenezi zikachitika, m'mene mumamufunsa ngati akufuna kuwonjezera kasitomala watsopano, mumalowetsa rekodiyo m'tebulo, kenako n'kuika Response = acDataErrAdded kuti Access idzazenso mndandanda yokha. Akakana, acDataErrContinue imaletsa uthenga wa Access kuti muonetse wanu.

Amene amagwiritsa ntchito LibreOffice Base asamale posamutsa chizolowezi chimenechi. Kumeneko List Box imaonetsa kolamu yoyamba yokha ya query, ndipo Bound field imawerengedwa kuyambira pa 0, motero query yanthawi zonse imayamba ndi dzina, kiyi n'kubwera pachiwiri, Bound field n'kukhala 1. Combo Box ya mu Base imasunga mawu amene akuonekawo, osati kiyi wobisika.

Kusankha zingapo nthawi imodzi

Multi Select ili ndi zosankha zitatu. None imalola mzere umodzi. Simple imasankha kapena kuchotsa mzere uliwonse umene mwaudina. Extended imagwira ntchito ndi Shift ndi Ctrl monga mmene mumasankhira mafayilo mu Windows. Mukangochoka pa None, Value ya List Box imakhala Null nthawi zonse, ngakhale mizere khumi itachita kuda pa sikirini. Apa m'pamene ambiri amadabwa kuti query yoloza ku List Box yasiya kubweza kanthu. Chida chija sichingapereke chinthu chimodzi pomwe zasankhidwa zambiri, ndiye chimangopereka Null.

Zosankhidwazo mumazitola nokha:

For Each v In Me.lstKatundu.ItemsSelected
    s = s & "," & Me.lstKatundu.ItemData(v)
Next v

ItemsSelected imakupatsani manambala a mizere, ndipo ItemData ndi imene imasandutsa nambala ya mzere kukhala kiyi. Mukachotsa koma yoyambayo ndi Mid(s, 2), mutha kupanga WHERE KatunduID IN (...) ya lipoti kapena fomu ina. Yang'anani kaye ItemsSelected.Count, chifukwa munthu akadina batani asanasankhe kanthu, IN yopanda kanthu mkati imagwetsa query. Ngati makiyiwo ndi mawu, aliyense amafunika zizindikiro zogwira mawu, ndipo dzina lokhala ndi apostrofi limadula SQL pakati pokhapokha mutailemba kawiri. Zosankhidwa zikafika mazana ambiri, ndi bwino kuziika m'tebulo la kanthawi n'kulilumikiza ndi JOIN, chifukwa SQL ya mu Access ili ndi malire a zilembo pafupifupi 64,000.

Posunga zosankhidwa zingapo, musazithire mu field imodzi ngati "4,9,15". Zimaoneka zachangu, koma tsiku lofuna kudziwa maoda onse okhala ndi katundu nambala 9 mudzavutika, ndipo 19 ndi 90 adzalowa nawo m'zotsatira. Pangani tebulo lachitatu lolumikiza, lokhala ndi OdaID ndi KatunduID, mzere umodzi pa chosankhidwa chilichonse. Access 2007 inabweretsa ma field osunga zinthu zingapo amene amabisa tebulo lotere kuseri, koma amavuta mukafuna kusamutsira deta ku SQL Server, ndipo n'chifukwa chake ambiri odziwa ntchitoyi amawapewa.

Mndandanda si tebulo

Mizere imene ili pa sikirini inatengedwa pa nthawi imene mndandanda unadzazidwa. Mnzanu wa pa kompyuta ina akawonjezera kasitomala, inu simumuona mpaka code itaitana Requery, lamulo lodzazanso mndandanda, pa chidacho. Choncho mukatseka fomu yolowetsera kasitomala watsopano, kapena mukasintha Combo Box imene mndandanda wachiwiri umadalira, itanani Requery mu AfterUpdate. Pa mndandanda wodalira unzake, monga wa mizinda wodalira dziko losankhidwa, mufufutenso chimene chinasankhidwa kale, apo ayi mudzasunga mzinda wa dziko lina pansi pa dziko latsopano.

Requery ili ndi mtengo wake pa List Box ya Multi Select: zosankhidwa musaziyembekezere kuti zitsala. Sungani makiyi musanaiitane, kenako yendani m'mizere yatsopano n'kuika Selected(i) = True paliponse pamene kiyi wagwirizana. Kusunga manambala a mizere sikuthandiza chifukwa mizereyo ikhoza kukhala itasuntha.

Batani lililonse lochita chinthu chachikulu, monga kufufuta kapena kuvomereza oda, lisakhulupirire zimene mndandanda ukunena. Oda imene ikuoneka kuti sinalipiridwe mwina inalipiridwa mphindi zisanu zapitazo. Ikani mkhalidwe umene mukuuyembekezera mu WHERE ya UPDATE yomweyo, kenako yang'anani RecordsAffected, chiwerengero cha marekodi amene asinthidwa. Ikakhala 0, wina wakutsogolerani, ndipo munthu auzidwe zimenezo m'malo momuonetsa uthenga woti zatheka.

Nanga mizere ikachuluka? List Box ndi Combo Box za mu Access zimalekera pa mizere pafupifupi 65,000, koma vuto limayamba kale musanafike pamenepo. Access imakoka mizere pang'onopang'ono pamene munthu akutsika, koma code ikangofunsa ListCount imakakamizika kukoka yonse, ndipo fomu yokhala ndi mindandanda isanu yotere imachedwa kutseguka pa netiweki. Komanso palibe munthu amene amasankha bwino pa mizere 20,000. Njira yabwino ndi kuyamba ndi mndandanda wopanda kanthu, wa WHERE 1=0, n'kuika kabokosi kofufuzira pamwamba pake. Munthu akalemba zilembo zitatu, code isinthe Row Source kukhala SELECT TOP 200 yokhala ndi Like. Mu event ya Change muwerenge Text ya kabokosiko, osati Value, chifukwa Value sisintha mpaka munthu atachokamo. Ndipo Text imawerengeka pokhapokha kabokosiko kali ndi focus, kutanthauza kuti munthu akadali m'menemo, apo ayi mumalandira error 2185. Like "ab*" imatha kugwiritsa ntchito index, pomwe Like "*ab*" imakakamiza database kuwerenga rekodi iliyonse.

ListView

List Box singapake mzere umodzi mtundu wofiira, singaike kachithunzi, ndipo mitu ya makolamu ake sidinika kuti isanje. Apa m'pamene anthu amatembenukira ku Microsoft ListView Control 6.0, chida chowonjezera cha mtundu wa ActiveX chokhala mu fayilo ya MSCOMCTL.OCX, chochokera ku nthawi ya Visual Basic 6.0 ya mu 1998. Chimaoneka ngati zenera la mafayilo la Windows, ndipo chili ndi maonekedwe anayi: lvwIcon, lvwSmallIcon, lvwList ndi lvwReport. Pa ntchito ya database, lvwReport ndi imene ili ndi makolamu.

Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti ListView ilibe Row Source ndipo siidziwa database n'komwe. Ili ngati bolodi: chimene mwalembapo ndi choko ndi chimene chilipo, ndipo kufufuta pa bolodi sikusintha kaundula. Kudzaza, kusanja, kusunga ndi kutsitsimutsa, zonse ndi ntchito ya code yanu.

Mu Access mumafika pa chidacho kudzera mu Object, chifukwa Access imachikuta ndi chikuto chake:

Set lv = Me.lvwMaoda.Object
lv.View = lvwReport
lv.ListItems.Clear
lv.ColumnHeaders.Clear
lv.ColumnHeaders.Add , , "Oda"
lv.ColumnHeaders.Add , , "Kasitomala"
Set li = lv.ListItems.Add(, "K" & rs!OdaID, CStr(rs!OdaID))
li.SubItems(1) = Nz(rs!Dzina, "")

Apa rs ndi marekodi amene query yabweza, ndipo li ndi mzere umene ukuwonjezedwa. Mzere uliwonse wa code imeneyi uli ndi chifukwa chake. Mukaiwala ColumnHeaders.Clear, makolamu amawonjezekera nthawi iliyonse imene mwadzazanso. Makolamu ayenera kukhalapo musanalembe mu SubItems, ndipo SubItems(1) ndi kolamu yachiwiri, popeza yoyamba ndi Text ya mzerewo. Chilembo cha K kutsogolo kwa nambala n'chofunika chifukwa Key yokhala manambala okhaokha imakanidwa ndi error 35603, ndipo Key ikabwera kawiri mumalandira 35602, chimene nthawi zambiri chimasonyeza kuti JOIN ya query yanu ikubwereza mizere. Nz ikuteteza ku Null, amene ListView samulandira. Pofuna kiyi weniweni pambuyo pake, mumachotsa K uja ndi Mid(li.Key, 2).

Kusanja ndi kumene ListView imakhumudwitsa anthu ambiri. Mu event ya ColumnClick mumaika SortKey = ColumnHeader.Index - 1 ndi Sorted = True, ndipo pa mayina zimayenda bwino. Koma chidachi chimasanja chilichonse ngati mawu, choncho 100 amabwera patsogolo pa 25, ndipo madeti olembedwa tsiku poyamba amasanjidwa potsata tsiku la mwezi, chaka osachilabadira. Njira imodzi ndi kuwonjezera kolamu yobisika ya m'lifupi 0, yokhala ndi deti lolembedwa ngati 20240315 kapena nambala yodzazidwa ndi ma 0 kutsogolo, n'kusanja potsata iyo. Njira ina, imene ili yodalirika kwambiri, ndi kusiya database isanje ndi ORDER BY kenako n'kudzazanso. Podzaza, zimitsani kaye Sorted, chifukwa ikakhala yoyaka chidacho chimafufuza malo a mzere uliwonse umene ukulowa, ndipo pa mizere masauzande angapo kuchedwa kwake kumaonekeratu.

Pali tizinthu tina timene timavulaza deta. LabelEdit imabwera ili pa lvwAutomatic, kutanthauza kuti munthu akadina pa kolamu yoyamba ya mzere wosankhidwa amatha kusintha mawuwo. Iye amaganiza kuti wasintha rekodi, pomwe ku tebulo sikunapite kanthu. Ikani lvwManual. Mukangodzaza, SelectedItem imatha kuloza mzere woyamba ngakhale munthu sanadine paliponse, ndipo batani lofufutira lodalira SelectedItem lidzafufuta oda yosalakwa. Pa mndandanda wopanda kanthu SelectedItem ndi Nothing, ndipo kuiwerenga kumabweretsa error 91. HideSelection muiike False kuti mzere wosankhidwa uzionekabe munthu akapita kukadina batani, ndipo FullRowSelect ikhale True kuti mzere wonse uzidinika. Timabokosi ta Checkboxes timakhala m'chikumbumtima cha kompyuta basi, fomu ikatsekedwa tapita. Chidachi sichigwiranso Unicode mokwanira: mayina a zilembo za Chirasha kapena Chiarabu, pa kompyuta yokonzedwera zilembo za Chilatini, amasanduka zizindikiro za funso.

Ma event ngati ItemClick ndi ColumnClick musawafune pa Property Sheet, sapezekapo. Amapezeka mu VBA editor, mukasankha dzina la chidacho pa kamndandanda ka kumanzere pamwamba pa code.

TreeView, imene ili mu fayilo yomweyo, imatsata malamulo ofanana pa Key, kungoti makiyi a matebulo osiyana amafunika zilembo zosiyana kutsogolo, monga G pa gulu ndi K pa katundu, popeza gulu nambala 5 ndi katundu nambala 5 angawombane. Nthambi zamkati muzizidzaza pa event ya Expand, osati zonse potsegula fomu.

Vuto lalikulu la zida ziwirizi lili kunja kwa code yanu. Database imanyamula dzina la chidacho chabe, fayilo ya OCX iyenera kukhala pa kompyuta iliyonse, yolembetsedwa mu Windows, ndiponso ya mtundu wogwirizana. Mu 2012 Microsoft inakonza fayiloyi kawiri chifukwa cha mabowo a chitetezo, mu April kudzera mu MS12-027 ndi mu August kudzera mu MS12-060, ndipo mafomu ambiri amene ankayenda bwino anasiya kugwira ntchito mpaka fayiloyo italembetsedwanso mu Windows ndi lamulo la regsvr32. Office ya 64-bit inayamba ndi Office 2010, koma kwa zaka zingapo MSCOMCTL.OCX inali ya 32-bit yokha. Ya 64-bit inadzabwera mu 2017. Ofesi yokhala ndi makompyuta osakanikirana, ena akale ena atsopano, iyenera kuyesa fomuyo pa mtundu uliwonse wa Office umene ulipo. Reference imodzi, fayilo yakunja imene code imadalira, ikasowa, ngakhale zinthu zosakhudzana nayo monga Left ndi Date zimatha kuyamba kukana, ndipo munthu amataya nthawi kufufuza vuto pamalo olakwika.

Continuous Form, imene ambiri amaidumpha

Zambiri zimene anthu amafunira ListView zimatheka ndi subform (fomu yaing'ono mkati mwa fomu ina) ya Continuous Forms, imene imaonetsa marekodi ambiri motsatizana, popanda fayilo yapadera. Iyo ndi yomangirira ku tebulo, imakoka mizere pamene ikufunika, imalola kusintha deta pomwepo, ndipo imasanja manambala ndi madeti molondola chifukwa ikuwadziwa mtundu wawo. Mitundu imabwera ndi Conditional Formatting, imene inayamba mu Access 2000 ndi malamulo atatu pa bokosi lililonse, n'kufika pa 50 mu Access 2010. Kuti mitu idinike, ikani ma label kapena mabatani mu Form Header, ndipo pa Click muike OrderBy ndi OrderByOn = True. Ngati simukufunikira kukoka mizere ndi mausi kapena maonekedwe a tizithunzi tikulutikulu, iyi ndiyo njira yoyenera kuyamba kuiganizira.

Ili ndi khalidwe limodzi lofunika kulidziwa: chida chilichonse cha pa mzere ndi chimodzi chokha, chongojambulidwa kambirimbiri. Mukasintha BackColor mu code, mizere yonse imasintha. Combo Box imene Row Source yake imadalira mzere umene muli imaoneka yopanda kanthu pa mizere ina, chifukwa makiyi awo sali pa mndandanda wa panopa. Deta ilipo, dzina lokha ndi limene lasowa poonetsera. Anthu amathana nazo poika Text Box yomangirira ku dzina lochokera mu query pamwamba pa Combo Box, n'kusiya kamuvi kokha kakuonekera.

Kabokosi kochonga kosamangirira ku field nako kamachita chimodzimodzi: mukachonga mzere umodzi, yonse yachongeka. Kuwonjezera field ya Yes/No m'tebulo logawana kumathetsa izi pa kompyuta imodzi, koma anthu awiri akamasankha nthawi imodzi amachongerana ndi kufufutirana. Pangani katebulo kakang'ono mu front end, fayilo ya mafomu ya pa kompyuta ya munthu aliyense, kokhala ndi kiyi ndi field ya Yes/No, mukadzaze ndi makiyi a mizere yoonetsedwa potsegula fomu, mukalumikize ndi query ya subform, ndipo mukakhuthule potseka. Kiyi wa m'katebuloko akhale primary key, apo ayi query yolumikizayo imakana kusinthidwa ndipo kabokosiko sikachongeka.